Sajeni Gwenzi, Auzeni Apongozi

Lachinayi, 6 Juni 2024

Kuzizira kwafika ndithu. Zala kuuma pa makina. Lero mathalauza a sukulu, zipi ya jekete, ndi siketi ya mayi apafupi apa yomwe akuti yachepa yokha. Siketi sichepa yokha, koma sindinanene.

Magetsi anapita m'mawa, mpaka pano zii. Batire ya sola ndaisunga tsiku lonse, wayilesi osayatsa, foni osatchaja. Lachinayi batire ndi ya sewero la pa TV la Sajeni Gwenzi, wina asaikhudze.

Seveni koloko, kanyimbo kaja ka mbira, kalimba wa kuno, ndi wezulo. Ine pa sofa. Apongozi, mayi ake a mkazi wanga Doris, pa mkeka wawo pakhomo la kukhitchini, kumbuyo kwanga, katani atakoka pang'ono. Doris wabwera kuchokera ku msika wa Mbare atatheratu ndi matimati ake, wagona nyimbo isanathe n'komwe.

Mlandu wa lero, silinda ya gasi yosowa pa nyumba ya maloja, anthu a lendi. Ine ndinati: "Sajeni, gwirani wamagalasi uyo, maso ake ndi a mbala." Kumbuyo kwanga mawu: "Sajeni, musamvere atelala. Funsani mkazi wa landilodi kuti nyemba waphikira chiyani." Analidi mkazi wa landilodi. Andigonjetsanso. Ndasangalala ngati ndapambana ndine.

Mwana wathu Kudzai waimba foni kuchokera ku koleji ku Gweru, kuseka: "Baba, mukulankhulanabe ndi mbuya kudzera pa TV?" Aseke. Mwana wobadwira mu Tafara muno, ku Zimbabwe kuno, Chishona ndiye chake, za kwathu amaziona ngati sewero. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya nawo, salankhula nawo. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, zambiri anasiya komweko, koma ichi anabwera nacho. Apongozi nawo anakulira pa famu ku Shamva, komwe mwambo anthu anaugwira mwamphamvu kuposa eni ake kumudzi. Chimwalirireni amuna awo akukhala nafe, chaka chachiwiri chino. Kanyumba kakang'ono, Doris kumsika tsiku lonse, pakhomo ife awiri. Akafuna kudutsa amakhosomola, ine n'kuweramira makina. Nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi cha ukwati wathu.

Zinayamba zokha chaka chatha. Ndinakalipira TV, iwonso anaikalipira motsutsa ine. Palibe analakwa, tonse timalankhula ndi wapolisi. Sabata yotsatira ndinamva: "Sajeni, anthu ena amasiya simbi ili yotentha pa tebulo la eni." Ndinayankha: "Sajeni, anthu enawo apepesa." Basi, njira inatseguka.

Loweruka, 8 Juni

Kasitomala wa suti ya ukwati sanabwere. Ulusi wakuda watha, mtengo wakweranso. Madzi ku chitsime mzere mpaka pa tchalitchi.

Doris akuti: "Inu awiri mumakalipira galasi ngati amisala. Gulani nkhuku muwapatse, akalandira ndiye kuti mwamasulana, anzathu anatero kalekale." Zoona, kwathu mphatso ndiyo imamasula pakamwa, wamkulu akailandira. Nanga akaikana? Ndiye ndidzadutsa pati m'nyumba muno? Zili bwino momwe zililimu.

Sewero ili ndimalikonda, ndisaname. Mulibe mfuti, mulibe magalimoto ogubuduzika ngati za ku Amerika. Sajeni Gwenzi ndi bambo wamimba, njinga yake yopanda mabuleki, kapu ya chitsulo m'thumba. Asanafunse munthu mlandu amayamba wamufunsa ngati wadya. Milandu yake ndi yathu yomweyi: batire ya sola, mapampu a zitsime, ndalama za chipereganyu, loja wothawa ndi chitseko cha eni. Ndiye pali Konstabo Melina, kamtsikana kowonda, kothamanga ngati mphepo. M'sewerolo akuti agogo ake ndi a ku Malawi. Tsiku lina anakalipira mbala m'Chichewa chenicheni, "Iwe, khala pansi!", popanda wina womuseka. Kukula konseku pa TV munthu wa kwathu amakhala wa m'gadeni woti anthu aseke malankhulidwe ake. Tsiku limenelo apongozi anaomba m'manja kukhitchini.

Chondinyansa chimodzi chokha. Thalauza la Sajeni anapinda ndani? Mwendo wina pamwamba, wina kukolopa pansi. Atabwera nalo kuno ndikanamupindira ulere.

Usiku apongozi akhosomola kwambiri, osati kwa kudutsa kuja. Juzi yawo yatha m'zigongono. Masana anaiyanika pa waya, iwo ali kwa anzawo a Mvano. Ndinathamanga ndi tepi, kuyeza mapewa ndi mikono ngati wakuba. Nsalu ya bulangeti yotsala pa oda ya chaka chatha ikwanira chikhoti.

Lachinayi, 13 Juni

Chikhoti chatha masana. Mabatani akuluakulu, zala zawo zisavutike. Thumba la m'kati loikamo fodya wawo wa m'mphuno yemwe amaganiza kuti sindikumudziwa. Ndinachiika pa mpando wa kukhitchini iwo ali kuseri.

Madzulo mlandu waukulu wayamba, gulu lozula mapampu a zitsime usiku. Sajeni wakwiya koyamba, mpaka tiyi wake wazizira m'kapu. Anangoti anthu oba madzi a ana si mbala wamba. Ha, bambo ameneyu!

Pa malonda a sopo ndinati: "Sajeni, pa mpando wa kukhitchini pali chikhoti, mwini wake sakudziwika. Fufuzani." Kumbuyo nsalu kukhwekhwereza. Kenaka: "Sajeni, mwini wake wapezeka. Mikono yatalika, koma n'chofunda. Wosokayo Mulungu amusungire maso."

Juzi ija inali yotamuka, ndiye mikono ndinaphonya. Manyazi a ntchito. Koma mtima mbee.

Lamulungu, 16 Juni

Tikubwera ku tchalitchi tapeza galimoto ya alamu a Clemence, achimwene ake a Doris, pageti. Abwera ndi shuga, mafuta, ndi nkhani. Chipinda chija ku Hatcliffe amaliza, matailosi, chimbudzi cha m'nyumba, thanki ya madzi. Akufuna kudzatenga mayi awo pa 13 Julayi. Akuti: "Alamu, mwavutika mokwanira. Mayi angamabisale kukhitchini ngati loja mpaka liti? Kwa mwana wawo wamwamuna adzakhala pa sofa."

Doris anavomera ndi mutu. Akuganiza kuti akutithandiza tonse awiri. Anandifunsa maganizo, ine pakamwa panga n'kunena kuti zili kwa eni ake. Zili kwa eni ake! Albert, chitsiru iwe. Apongozi anali kuseri kwa katani, anamva bwinobwino.

Sindikufuna apite. Ndalemba, ndi izo. Nyumba ino masana popanda masilipasi awo aja ndi manda. Ndani adzandisiyira mbatata yootcha pa zenera ine osaona dzanja? Kasitomala wamwano akabwera, ndani adzagwetsa chivindikiro dala kuti ndidziwe kuti tili awiri? Ku Hatcliffe alamu ndi akazi awo amachoka mbandakucha, ana awo Chichewa samva ngakhale moni. Adzakhala pa sofa, inde, kulankhula ndi khoma.

Komanso mwina iwo akufuna. Matailosi ndi matailosi. Lachinayi ndidzafunsa kudzera kwa Sajeni.

Lachinayi, 20 Juni

Mawu ndinawakonza tsiku lonse pa makina, mpaka kusoka thumba la kabudula mozondoka. "Sajeni, auzeni kuti pano ndi pawo." Afupi, osavuta.

Koma sewero la lero, abale! Melina wavula yunifomu, wavala ngati mayi wogulitsa mazira, dengu pamutu. Watsatira a mapampu aja mpaka pa renki ya makombi, maminibasi a kuno. Ndinati ndinena pa malonda oyamba. Malonda afika, tonse tikukangana kuti kondakitala uja ali m'gulu kapena ayi. Ndinati pa achiwiri. Achiwiri afika, ine mtima uli m'mwamba, Sajeni tcheni cha njinga chaduka pa nthawi yoipa.

Chakumapeto apongozi anati, motsitsa: "Sajeni, munthu akakalamba amasanduka katundu. Pomwe amuika ndi pomwepo." Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo Melina wakwera kombi, chitseko gwa, kondakitala wamulanda foni, kombi yakhotera njira ina. Tonse tinakuwa. Doris mpaka kudzidzimuka. Kanyimbo, mayina, basi.

Sewero likatha Sajeni kulibe, wolankhula naye palibe. Apongozi anapinda mkeka, kukhosomola, kudutsa. Ine maso pansi.

Palibe kanthu. Lachinayi likubwerali, nyimbo ikangoyamba, ndisanaone n'komwe za Melina.

Lachinayi, 27 Juni

Batire yodzaza. Sofa. Mkeka. Seveni koloko.

Kanyimbo kena. Bambo wa ovolosi akuphunzitsa kawetedwe ka nkhuku za nyama.

Tinadikira. Mwina asintha nthawi. Nkhuku zatha, kwabwera kwaya. Mkeka unapindidwa mwakachetechete.

Loweruka, 29 Juni

Talent, wometa tsitsi pa mashopu, wabwera ndi ma epuloni ake oti ndipinde. Wandionetsa pa foni. Sewero alithetsa. A sopo aja asiya kulipira, a TV akuti alibe wina. Zigawo zina akuti anajambula kale koma sizidzaonetsedwa. Anthu mazana alembapo kukwiya, wina mpaka ku Joni. Talent akuti kometera kwake dzulo makasitomala anatsala pang'ono kumenyana pa nkhani ya kondakitala.

Asa! Sopo yemweyo ndakhala ndikugula chifukwa cha iwo, wosachita thovu n'komwe. Sewero la ukwati wa anthu olemera lija lili chaka chachisanu, anthu kumangolira m'magalimoto. Chinthu chimodzi chabwino, chathuchathu, achidula pakati ngati nsalu ya mwini wosalipira. Mwana wa eni ali m'kombi ya mbala, ndiye basi tizigona?

Ndikanadziwa komwe amakhala bambo amene amasewera Sajeni uja ndikanapita. Osati kukadandaula. Kukangomugwira dzanja, kumuuza kuti mu Tafara muli nyumba ina yomwe munagwiramo ntchito yoposa ya polisi. Ndi kumupindira thalauza lija.

Doris wawauza mayi ake. Akuti anangoti: "Ndiye mwana uja amusiya m'kombi?" Kenaka anapempha chikwama chachikulu chamizeremizere chija chili pamwamba pa wadirobu.

Lachiwiri, 2 Julayi

Oda ya ma tirakisuti a kusukulu ya mkaka yabwera. Ntchito ilipo, ndiyamike. Dzuwa labwino pakhonde, mbatata pa zenera monga mwa masiku onse. Ndadya ndi chisoni.

Dzulo ndinayesa kutuma Doris. Ndinati ukawauze mayi kuti asafulumire, pano palibe akuwathamangitsa. Doris ndi changu chake cha kumsika anakanena ali chiimire, akumanga mpango: "Akuti musadandaule, ngakhale mutachedwa sabata ina palibe vuto." Ndinamva ndekha kudzera pa khoma. Sabata ina! Kandimverere anakanena za m'maluwa. Yankho linabwera loti auzeni zikomo, tsiku ndi lomwe lija.

Ndinamukalipira Doris, iye n'kundibwezera: "Nanga pakamwa panu panatupa? Zaka makumi awiri ndi zisanu mukuopa mayi okalamba osafika ndi paphewa panu pomwe." Sakumvetsa. Si mantha. Ndi ulemu umene ndinaupeza, ndipo iwo amaunyadira. Ndinawamvapo akuuza anzawo a Mvano kuti mkamwini wawo ndi woleredwa, sanawaonepo m'maso. Ndiuswe ndine?

Lachinayi, 4 Julayi

Ndinayatsabe. Iwonso anayalabe mkeka, chizolowezi.

Bambo wa nkhuku uja, lero za katemera wa chitopa. Ndinalimba mtima: "Bambo a nkhuku, auzeni anthu ena kuti..." Mawu anathera pomwepo. Munthu wake sayang'ana n'komwe ngati womva, amangoloza zitosi ndi ndodo. Nkhani ya mtima ungaitume kwa wotere? Kumbuyo ndinamva kuseka kotsekera m'chikhoti. Kenaka: "Ameneyu sangagwire ngakhale wakuba dzira." Sanatchule yemwe akumuuza. Inenso ndinaseka, maso ku TV.

Kuseka kokhako, nkhani osanena. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Chikwama chili m'khonde la m'kati, chadzaza theka. Ndikadutsa ndimachiona: Baibulo, mbale zawo za enamelo za ku famu, chithunzi cha malemu. Chikhoti sanaikemo, akuvala.

Lolemba, 8 Julayi

Ma tirakisuti theka latha. Singano ziwiri zathyoka, nsalu yake ndi yoterera ngati mlamba.

Kudzai pa foni akuti pa intaneti pali masewero a apolisi ambirimbiri, adzandiikira akabwera pa holide. Mwanangu, si apolisi amene ndikusowa.

Masana ndinafika mpaka pa khola la mayi ogulitsa nkhuku kuseri kwa mashopu. Ndinaloza yofiira, yonenepa. Kenaka maganizo: munthu akupakira, iwe n'kumupatsa nkhuku, sadzati ndi kamba wa paulendo? Ndinabwerako ndi ulusi wokha.

Talent akuti iye watsimikiza kuti Melina anadumpha pa zenera pa maloboti. Zamkutu. Zenera la kombi munthu angatulukirepo ndi dengu? Ndikudziwa amene akanadziwa zoona zake. Ali kuseri kwa khomali, akusankha nyemba.

Lachinayi, 11 Julayi

Alamu aimba, Loweruka m'mawa. Doris wachedwa, lole ya matimati inafera m'njira.

Seveni koloko ndinakhala pa sofa. TV sindinayatse, nkhuku zandikwana. Babu yokha ya sola. Ndinamva mkeka ukuyalidwa. Galasi lakuda, ine kudziona ndekha m'menemo, ndi kumbuyo kwanga kamthunzi ka chikhoti. Ndinatsitsa maso msanga.

Ndinati: "Sajeni Gwenzi, kulikonse komwe muli." Ndinapitiriza: "Auzeni kuti ine sindikufuna apite. Auzeni kuti si katundu. Nyumba ino ndi yawo, matailosi tilibe koma..."

Anandidula. "Bambo a Kudzai."

Ine. Osati Sajeni, osati atelala, osati anthu ena. Chikwatirireni Doris sindinamvepo.

"Bambo a Kudzai, Sajeni anamuchotsa ntchito. Amene ali pano ndine. Nenani kwa ine."

Ndinati mwambo, mayi. Ndinati nkhuku sindinagule. Anati: "Nkhuku ndikanadya tsiku limodzi. Mphatso yanu ndinalandira kale, ndaivala mwezi wathunthu, inu osazindikira. Wapolisi wabwino simukanakhala. Tembenukani."

Ndinatembenuka. Aang'ono kuposa mawu awo. Tsitsi lonse mbuu, pa chithunzi paja linali lakuda. Maso ngati a Kudzai, sindinkadziwa kuti mwana anatengera kumeneko. Mikono ya chikhoti yopindidwa kawirikawiri ngati mwana wovala za bambo ake.

Ndinanena kwa iwo. Mayi, musapite. Anati amva. Anati akanapita chifukwa ankayesa kuti kuwerama kwanga konse kuja ndatopa nako. Clemence amuuza okha, ndi mwana wawo, akalira atonthola. Chipindacho aikemo loja.

Misozi, ine bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Iwo anachita ngati sakuona. Anati za Melina n'zosavuta, dalaivala uja ndi wa Sajeni, kodi sindinaone kuti kapu ya chitsulo inali pa dashibodi? Sindinaione! Ndinatsutsa, anandiseka, takangana ngati kale, koma pano ndikuona ndi mmene amakwezera chala.

Kenaka atambasula dzanja: "Katengeni tepi yanu, mikono iyi yandisautsa mokwanira. Muyeze munthu, osati juzi ya pa waya." Anandiona tsiku lija!

Ndabwera kuchipinda kudzafuna tepi. Ili m'khosi mwangamu, inali momwemo chiyambire m'mawa. Ndangofuna kukhala pansi pang'ono, ndilembe izi. Geti lalira, ndi Doris ameneyo, atipeza bwanji. Apongozi akuitananso, ine, bambo a Kudzai